Pepani bambo, vulani magalasi

Abale anga, lero mundipatse mpata ndidandaule, chifukwa zimene zikuchitika kuntchito kwanga zandifika pakhosi. Ine m'mapiri a Colorado, ku America kuno, ndimaima pageti, pamalo pamene anthu amakwerera mipando yoyenda pachingwe kupita pamwamba pa phiri kuti akatsetsereke pa sinowo. Aliyense amakhala ndi khadi m'thumba la jekete. Geti limawerenga khadilo lokha, ndipo chithunzi cha mwini wake chimatulukira pa tabuleti imene ndagwira m'manja. Changa n'kuona ngati nkhope ya pa tabuletiyo ndi ya munthu amene waima patsogolo panga. Tsopano mabwana akuti maso athu sakukwanira, ndiye amangirira kamera pamwamba pa geti kuti izifananitsa nkhope yokha. Akuti anthu akubwerekana ziphaso, kampani ikuluza.

Ikuluza! Tiyeni tione mmene ndalama zimayendera m'bizinesi imeneyi. Makampani akuluakulu kuno ndi awiri. Vail Resorts inayamba kugulitsa chiphaso cha nyengo yonse, Epic Pass, mu 2008 pa madola 579. Cha nyengo ya 2025 mpaka 2026 chinayambira pa madola 1,051, ndipo ogula ziphaso za kampaniyi amaposa 2 miliyoni. Anzawo a Alterra ali ndi chawo, Ikon Pass, kuyambira 2018. Nzeru yake ndi yoti munthu alipire kudakali miyezi sinowo asanagwe, kuti ngakhale chaka chikhale choipa, ndalama zikhale zitalowa kale. Ndiye pofuna kukukankhira ku chiphasocho, tikiti ya tsiku limodzi imakwera mochititsa mantha. Masiku a Khirisimasi ku Vail imadutsa madola 300. Tsiku limodzi, munthu mmodzi, usanabwereke nsapato ndi ma ski, matabwa aatali ovala kumapazi potsetsereka, usanadye kalikonse. Tsono mnyamata wabwera kudzacheza Loweruka lokha, chiphaso cha mkulu wake chikungogona m'kabati, mukuti achite chiyani? Mtengo mwakweza nokha, lero mukudabwa kuti anthu akubwerekana.

Sindikuikira kumbuyo chinyengo ayi. Chiphaso chinalembedwa kuti n'cha munthu mmodzi, wogula anavomera. Koma ine ndinakulira kumene suti imodzi imakwatitsa anyamata a mudzi wonse, ndipo wonenedwa amakhala wokana kubwereketsayo. Kuno wobwereketsa ndiye wakuba. Akakugwira amalanda chiphaso, ndalama zako osabweza, ndipo m'matauni ena a m'mapiri muno amaitana apolisi n'kukupatsa tsiku lakukhoti. Kwa mwana wobadwira konkuno imeneyo ndi nkhani yoti akaseketse nayo anzake kubala. Kwa ife amene tikuyembekeza mapepala, kakalata kalikonse kakukhoti kamatisowetsa tulo, chifukwa fomu yofunsira unzika imafunsa ngati apolisi anakugwirapo kapena kukupatsapo mlandu, ngakhale waung'ono.

Alamu anga anabwera kuchokera ku South Bend, ku Indiana, kumene Amalawi achuluka kuja. Analibe cholinga chotsetsereka, ngakhale kuima pa ma ski sangathe. Ankangofuna kukwera pamwamba akajambulitse. Ife antchito amatipatsa chiphaso chaulere, ndiye anati, "Alamu, ingondibwerekani kakhadi kanuko, ndikwere kamodzi ndibwerere." Ndinati, "Alamu, pepani, sizingatheke." Anandiyang'ana ngati ndawamana nsima. Ndinayesa kuwafotokozera kuti wantchito akagwidwa atabwereketsa, ntchito imathera pomwepo, ndipo chipinda chimene ndimagonamo n'cha kampani yomweyo, ndiye ntchito ikapita, denga nalo lapita, m'tauni imene lendi yake munthu woima pageti sangaikwanitse ngakhale atagwira ntchito usiku ndi usana. Iwo anangomva zoti ndasanduka mzungu. Uthengawo unafika kumudzi ine ndisanaimbe n'komwe foni, ndipo mpaka pano azakhali akandiyankha moni amayamba ndi kuti, "Tamva kuti kumeneko mwaphunzira kumana."

Koma chimene chandipsetsa mtima kwambiri ndi kamerayo. Taganizani munthu wobwera kudzatsetsereka m'mawa kukuzizira mpaka tsitsi la m'mphuno kuuma. Wavala helemeti. Wavala magalasi aakulu ophimba kuyambira pachipumi mpaka pamphuno. Pakamwa ndi pachibwano wakulunga kansalu. Kamera ione chiyani pamenepo? Ikakayikira, tabuleti yanga imayaka zofiira, ndiye ine ndipite ndikamuimitse. "Pepani bambo, vulani magalasi." Munthuyo ali ndi ndodo ziwiri m'manja, magolovesi ochindikala, mwana akumukoka jekete, mzere kumbuyo ukung'ung'udza. Avule golovesi ndi mano, akweze magalasi, atsitse kansalu, nthunzi ili tolotolo kukamwa. Ine ndiyang'ane, ndipeze kuti ndi yemweyo. Amene amatukwanidwa ndine. Kamera ili phee pamwamba paja, palibe amene amaikalipira.

Ndipo ndaona ndi maso anga amene imawakayikira kawirikawiri. Anthu akuda otsetsereka pa sinowo ndi ochepa kale, moti tikaonana timagwedezerana mutu ngati achibale. Sinowo amawala kwambiri dzuwa likamenya, ndiye kamera imadzichepetsera kuwala kuti isathobwe, ndipo nkhope yakuda imangosanduka mthunzi wokhala ndi mano. Ineyo, wantchito wawo, nditavala yunifomu yawo, geti limandikana. Chithunzi cha pakhadi langa anandijambula mu ofesi yamdima, dzuwa lili kumbuyo kwanga, ndipo wojambulayo anati chili bwino.

Musaganize kuti ndi nkhani ya m'mutu mwanga. Mu Disembala 2019, bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linayesa mapulogalamu 189 ozindikira nkhope ochokera kwa opanga 99. Linapeza kuti ambiri mwa iwo amasokoneza nkhope za anthu a ku Africa ndi a kum'mawa kwa Asia kuwirikiza ka 10 mpaka 100 poyerekeza ndi za azungu, kutanthauza kuti amatenga anthu awiri osiyana n'kunena kuti ndi mmodzi. Ndiye taonani chipongwe chake: alamu anga aja mwina akanadutsa bwinobwino ndi khadi langa, kamera n'kuwalonjera, pomwe ine mwini wake imandiimitsa chifukwa kwawala kwambiri. Makina ogulidwa kuti agwire obwerekana akhoza kulola wobwereka n'kukana mwini chinthu. Opanga amati mapulogalamu atsopano ndi abwinoko. Mwina. Koma wabwinokoyo amakhala atayesedwa pa nkhope yosaphimba, m'chipinda chowala bwino, osati paphiri.

Paphiri pano cholakwa chikachitika munthu amangotaya mphindi zingapo ndi ulemu wake. Kwina zimafika poipa. Mu Januwale 2020 apolisi a ku Detroit anamanga Robert Williams pakhomo pake, mkazi wake ndi ana ake aakazi akuona, chifukwa kompyuta inati nkhope yake ndi ya munthu amene anaba mawotchi m'sitolo. Sanali iye. Anamusunga m'chitokosi pafupifupi maola 30. Mu Disembala 2023 bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linaletsa masitolo a mankhwala a Rite Aid kugwiritsa ntchito makamera oterewa kwa zaka zisanu, chifukwa ankaloza anthu osalakwa kuti ndi akuba, makamaka m'madera okhala anthu akuda ndi a mitundu ina yosakhala yachizungu. Zonsezi zikudziwika, zinalembedwa m'nyuzipepala, koma munthu akubwerabe ndi kamera yake kudzaimangirira pageti ngati wabweretsa chinthu chodabwitsa.

Nanga zithunzizo zikupita kuti? Khadi likatayika amakupatsa lina. Nkhope ilibe ina. Colorado inakhazikitsa lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu Julayi 2025, loti kampani isanatenge zinthu ngati muyezo wa nkhope kapena zidindo za zala iyenera kukuuza ndi kupempha chilolezo. Ndi lamulo labwino papepala. Koma chilolezocho chimakhala kabokosi kodinda pansi pa masamba amene palibe amawerenga, ndipo wantchito wosauka amene akufuna chipinda chogona sayamba wafunsa loya asanadinde. Ife Amalawi ndiye nkhope zathu zinatengedwa kalekale. Ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe anajambula n'kutenga zala. Pabwalo la ndege anajambulanso. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kuuza Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna viza yodzacheza kuti asiye chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Munthu wadutsa zipata zonsezo, wafika, akugwira ntchito, akukhoma msonkho, ndipo geti la pamalo osewerera likumufunsabe ngati alidi iyeyo.

Ndalama zogulira makina m'bizinesi imeneyi sizisowa. Zimasowa zikakhala za munthu. Ku Park City, ku Utah, opulumutsa anthu ovulala paphiri, amene amadzuka kusanache kukaphulitsa sinowo woti angagumukire anthu, ananyanyala ntchito kumapeto kwa Disembala 2024 mpaka mu Januwale 2025. Chimodzi mwa zimene ankafuna chinali chakuti malipiro oyambira akwere kuchoka pa madola 21 kufika pa 23 pa ola. Madola awiri. Mpaka mizere inatalika, alendo olemera n'kuyamba kukalipa, m'pamene zinatheka.

Kwathu kuno atatiitana kumsonkhano wotiuza za kamera, anati yabwera kudzatithandiza, tisamavutike ndi kuyang'ana. Ndinakweza dzanja ndi kufunsa mwaulemu kuti zithunzizo azisunga nthawi yaitali bwanji, ndipo amene aziziona ndani. Bwana wathu, mayi wabwino ndithu amene nayenso amangolandira malamulo kuchokera kumwamba, anati akafunsa kulikulu ndipo adzatiyankha. Yankho silinabwere. Chimene chinabwera ndi ndandanda yatsopano ya ntchito, atamata pakhomo la chipinda chosinthiramo zovala. Pamene tinkaima angapo pageti, tsopano aziimapo mmodzi, ndipo maola anga a mlungu wamawa adulidwa.