Odina linki ndi ambiri, nanga ogula ali kuti?

Anzanga a mu Blantyre muno amene mwalowa za affiliate marketing, zija zomwaza linki ya katundu wa sitolo ya pa intaneti kuti muzilandira komishoni wina akagula kudzera pa linkiyo, siyani kutionetsa chiwerengero cha anthu amene adina linki yanu. Tionetseni amene agula.

Nane ndinagweramo, n'chifukwa chake ndikulankhula. Chaka chatha ndinalipira maphunziro a pa WhatsApp kwa mnyamata wina wa pakamwa potsekemera ngati mlaliki wa m'basi. Akuti ingoikani linki, kagoneni, ndalama zizilowa zokha. Ndinamwaza linki ya mahedifoni ndi power bank paliponse, pa Facebook, pa status, ngakhale pa gulu la kumpingo, kumene amayi a chigwirizano anandidzudzula ndithu. Pakutha pa mwezi odina anaposa 600. Wogula mmodzi yekha, msuweni wanga wa ku Johannesburg, ndipo ndikudziwa kuti anangondimvera chisoni.

Chimene amachitcha conversion rate si china ayi, ndi funso loti mwa anthu 100 odina, agula angati. Tiyerekeze kuti adina 1,000, agula 10. Ndiye 1 peresenti imeneyo. Katundu akhale wa madola 20, komishoni 3 peresenti: pa wogula aliyense mwapeza masenti 60, onse pamodzi madola 6. Chotsanipo bandulo ya mwezi wonse, muone chotsala. Ine ngakhale theka la peresenti sindinafikepo.

Bizinesi imeneyi ndi chimodzimodzi kuitanira minibasi ku Wenela kapena ku Limbe. Woitanira salipidwa chifukwa wakuwa mpaka mawu kusasa. Amalandira kangachepe kake anthu akakwera. Tsono ambirife tikuitanira basi yopita ku London kwa anthu amene ali ndi ya thiransipoti yofikira ku Chirimba.

Taganizirani munthu amene wadina uja. Ali m'minibasi ya ku Ndirande, foni m'manja, waona chithunzi chokongola, wadina. Tsamba latseguka, mtengo uli m'madola. Pamenepo wayamba kale kuwerengera, pajatu kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye chilichonse cha m'madola chimaluma. Akalimba mtima n'kupitirira, akumufunsa khadi ya Visa kapena Mastercard yolipirira kunja, pamene ndalama zake zili mu Airtel Money kapena Mpamba. Amene khadiyo ali nayo, nkhani ya kusowa kwa ndalama zakunja mukuidziwa nonse. Ndiye pali mtengo wotumizira katundu mpaka kuno, umene nthawi zina umaposa wa katunduyo, kuphatikizapo msonkho akafika. Munthu amangotseka tsamba n'kubwerera ku TikTok. Kwa inu walembedwa kuti wadina, mwasangalala.

Palinso nthawi. Pulogalamu ya affiliate ya sitolo ya pa intaneti ya Amazon, yotchedwa Amazon Associates, imene inayamba mu 1996, imakuwerengerani komishoni ngati munthu wagula pasanathe maola 24 chidinireni, kapena waika katundu m'basiketi ya pa tsambalo m'maola omwewo n'kudzamugula pambuyo pake. Mmalawi ndani amagula choncho? Ife timaona lero, kufunsa mnzathu mawa, kudikira malipiro a pa 27, kenaka n'kukayang'ana kaye ku msika wa Limbe ngati kulibe chofanana nacho chotchipa. Komishoniyonso eni ake amaisintha mmene afunira: mu April 2020 Amazon inatsitsa ya mipando ndi katundu wa m'nyumba wotero kuchoka pa 8 kufika pa 3 peresenti.

Sindikuti bizinesiyi ndi yabodza. Amene omutsatira ake ali ku UK, ku America kapena ku Joni, anthu a makhadi ndi adiresi yofikirako katundu, akhoza kudyapo. Koma ngati okutsatirani ndi a ku Bangwe, Zingwangwa ndi Machinjiri, kumbukirani kuti kwathu kuno malonda ndi m'maso. Munthu amafuna agwire, ayese, anenerere.

Pano ndinagwirizana ndi mayi wina wa kashopu ka zipangizo za mafoni ku Limbe. Ndimajambula katundu wake, kuika pa status ndi mtengo wake m'makwacha, osati zija za "mtengo ku inbox". Wofuna amandilembera, amalipira pa foni, wakabaza n'kumupititsira. Ofunsa ndi ochepa, mwina 30 pa sabata, koma anayi kapena asanu amagula, ndipo komishoni yanga ndimalandira Loweruka lililonse.

Vuto lake palibe kompyuta yowerengera, tonse timadalira kope la mayiwo. Sabata yatha mnzanga wina anaona chaja pa status yanga, n'kupita yekha kushopuko osatchula dzina langa. Ndinadziwira pa chithunzi chimene anaika madzulo ake, chaja ili pa tebulo, akuyamika kuti wagula motchipa. Loweruka ndikukakambirana nawo mayiwo za chaja imeneyo.