Lekani kuchitira umboni zinthu zomwe simunaziyese

Lachiwiri lapitali ndinaima pamzere wa ajenti wina kumsika wa Limbe kuti nditapeko ndalama za mankhwala. Patsogolo panga panali mayi wina, msinkhu wa mwana wanga woyamba, khanda kumsana, foni m'manja. Ajenti anamuuza katatu konse kuti, "Mayi, muno mulibe kanthu." Mayiyo anangokhala pansi pafumbi pomwepo, chitenje atagwirira pakamwa. Ndalamazo sizinali zake. Ndi msungichuma wa banki m'khonde ya amayi a ku Bangwe, ndipo tsiku logawana linali mawa lake.

Titamudzutsa n'kumumwetsa madzi, nkhani inatuluka. Pagulu la WhatsApp la kwaya yawo wina anaponya link ya app yoti ukaikamo ndalama zimaswana pasabata imodzi. Pansi pake anthu anayi anavomereza: "Ndi zenizeni izi," "Ine ndalandira kale," "Musachedwe amayi." Iye anaika app ija m'foni. Inapempha chithunzi cha chiphaso cha unzika, anajambula. Inapempha PIN, analemba. Tili pomwepo anaimbira mmodzi mwa anayi aja, ndipo tonse tinamva yankho lake: "Aa, inetu ndinangomva kwa alamu anga, sindinayesepo."

Sindinayesepo! Mpaka lero mawu amenewa akundiwawa mumtima.

Mbava ndi mbava, imeneyo tiisiyire apolisi. Ine lero ndili ndi inu amene mumalemba kuti "ndi zenizeni" pa chinthu chomwe simunachikhudze n'chala chomwe. Kodi mukamalemba choncho mumaganiza kuti akuwerenga ndi ndani? Si mnzanu amene mumaimba naye Lamulungu lililonse? Si mlongo wanu wa ku Chirimba amene amakukhulupirirani chifukwa munafika Folomu 4? Mayi uja sanakhulupirire app, anakhulupirira inuyo. Kumudzi kwathu munthu akaima pabwalo la amfumu n'kunena kuti "ndinaona ndi maso angawa" pomwe sanaone, mbuzi ankalipira ndi iyeyo. Lero mwapeza pobisala, mwati pafoni mulandu palibe?

Nanunso otsitsa ma app, kodi makutu munasiya kuti? A Airtel Money ndi a TNM Mpamba atumiza mauthenga mpaka kutopa: PIN musauze munthu, ngakhale amene akuti ndi wa kukampani. A MACRA alankhula pawailesi. A Reserve Bank achenjeza za mabizinesi oti ndalama zimaberekana zokha. Mu 2018 tinawotchedwa ndi dzuwa pamizere kulembetsa ma SIM khadi ndi ziphaso zathu, lero chiphaso chomwecho mukuchijambula kutsogolo ndi kumbuyo n'kutumizira munthu wosadziwika ngakhale dzina? Akakatengera ngongole m'dzina lanu mukalira kwa yani? App yowonetsa mpira ikufuna manambala onse a m'foni mwanu, inu n'kuvomera. App ya katapila ikufuna zithunzi zanu ndi mauthenga anu, inu n'kuvomera. Tsiku lomwe mudzachedwe kubweza, adzaimbira abusa anu, apongozi anu ndi abwana anu, dzina lanu lidzanunkha Machinjiri yonse. Ndipo musandiuze za nyenyezi zisanu ndi ndemanga zoyamikira zija. Zimenezo amalemba okha eni ake, kapena kulipira anyamata kuti alembe. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Khalidwe lomweli lafika m'mabalaza mwathu. Bambo wamkulu, ndevu zili mbuu, akupita ku Ndirande kwa anyamata oika mafilimu mu flash n'kunena kuti, "Mundiikire zimene zikuwotcha panopa." Mnyamata wa zaka 19 ndiye akusankhira banja lonse choonera. Bamboyo akufika kunyumba, kulowetsa flash mu TV, iye ulendo kukaonera mpira kwa anzake, ana a Sitandade 3 atsala okha ndi zamaliseche ndi zodulana makosi. Pachiyambi pa filimu palembedwa 18 moonekeratu, koma poti mnzanu wa kuntchito anati "ndi yabwino, yotanthauziridwa m'Chichewa," mwati basi ndi ya ana. Kutanthauzira m'Chichewa kumachotsa zolaula? Mawa mwana akayamba kutukwana agogo ake mudzati wamulodza ndani? Lamulo lounika mafilimu lilipo m'dziko muno chiyambire 1968, koma a Censorship Board sangabwere kudzakhala pampando wanu. Ntchito imeneyo ndi yanu, ndipo mwaitaya.

Ngakhale mabuku sanapulumuke. Nyengo ya mayeso a MSCE ikayandikira, makolo enieni ndi amene akutumizirana ma PDF oti "mayeso a MANEB a chaka chino ndi awa," kulipira ndalama, mwana n'kusiya mabuku ovomerezeka kumaloweza likasa labodza. Laibulale ili m'tauni momwemu, aphunzitsi alipo, koma ayi, timva za munthu wa pa Facebook wopanda ngakhale chithunzi cha nkhope yake.

Ine si mdani wa foni. Adzukulu anga ndimawaona pafoni yomweyi, ndipo pali mabuku ndi mafilimu abwino amene ndinawadziwa chifukwa wina anandiuza. Koma amene anandiuzayo anali atawerenga mpaka tsamba lomaliza, ndipo nditamufunsa anandiuza pabwino ndi poipa pomwe. Chavuta n'chiyani kunena kuti "ndangomva, sindinayese"? Mawu awiri okhawo akanasiya ndalama za amayi a ku Bangwe pamalo pake. Lamulo la 2016 la za pa intaneti lilipo, mayi uja tinamuuza akadandaule kupolisi ndi kukampani ya foni, koma ndani mwa ife sadziwa kuti ndalama yopita chonchi kubwerera kwake n'kovuta?

Ndinamusiya akuimbira mwamuna wake, manja akunjenjemera. Feteleza wa amayi anzake anali mmenemo, fizi ya ana awo inali mmenemo. Anayi aja pano ali phee, ndipo ndamva kuti mmodzi wafufuta kale uthenga wake.

Kufufutako sikukuchotserani mulandu, mayi. Pitani ku Bangwe mukawayang'ane kumaso amayi aja.