Chindapusa chokha sichichotsa mulu wa zinyalala pamsewu

Boma lililonse likatopa ndi milu ya zinyalala m'mbali mwa misewu, limathamangira zinthu ziwiri: kukweza chindapusa ndi kuzika chikwangwani choti "Osataya zinyalala pano". Pakatha mwezi mumapeza mulu uja wafika m'khosi mwa chikwangwanicho. Ine ndimati vuto lili poti ndondomeko zambiri zimaika otaya zinyalala onse m'thumba limodzi, pomwe alipo a mitundu iwiri ndipo mankhwala awo ndi osiyana.

Woyamba ndi uja wosowa kotaya. Lipoti la World Bank la 2018 linapeza kuti m'mayiko osauka zinyalala zomwe zimatoledwa m'mizinda ndi pafupifupi 48 pa 100 zilizonse, ndipo kunja kwa mizinda ndi 26 zokha. Zotsalazo sizisungunuka, zimapita m'ngalande, m'mitsinje ndi pamapuloti osamangidwa. Tiwerengere limodzi. Dera la anthu 10,000, aliyense akamatulutsa theka la kilogalamu patsiku, limatulutsa matani 5 tsiku lililonse. Titenge kuti kyubiki mita imodzi ya zinyalala zosatsinderwa ikulemera makilogalamu 300, ndiye kuti patsiku pakufunika malo okwana makyubiki mita pafupifupi 17. Bini lalikulu lachitsulo lija lonyamulidwa ndi lole nthawi zambiri limalowa 7 kapena 8. Khonsolo ikaika bini limodzi n'kumabwera kudzalichotsa kamodzi pamlungu, limadzaza dzuwa lisanalowe tsiku loyamba lomwe, ndipo masiku asanu ndi limodzi otsalawo anthu amataya pansi pambali pake. Apa ndiye kuti khonsolo yatsegula yokha dzala losavomerezeka, kenako n'kumadzudzula anthu kuti ndi auve. Munthu wotereyu kumulipiritsa n'kungomuuza kuti azitaya usiku.

Koma amene ndikufuna tikhalepo ndi wachiwiriyu, chifukwa milu ikuluikulu ya zigumuka za nyumba, matayala, matiresi ndi migolo ya mafuta akuda sibwera pamutu. Imabwera pa lole, ndipo wina walipidwa.

Onani mmene ndalama imayendera. Munthu akugumula khoma kapena kampani ikuyeretsa malo ake, amaitana wa lole n'kugwirizana mtengo. Mu mtengo umenewo muli mafuta opitira kumtaya ndi kubwerera, nthawi ya dalaivala ndi anyamata opakira, komanso ndalama yolipira pageti. Ndalama yonse amapatsidwa lole isananyamuke. Akakhotera m'kamsewu kamdima makilomita awiri kuchokera pomwe wapakira, n'kukweza chidebe cha lole masekondi ochepa, zonse zija zasanduka phindu, ndipo wapezanso nthawi yopanga ulendo wina. Mnzake wachilungamo amatchula mtengo wokwera chifukwa iye amakafikadi kumtaya, choncho ntchito samaipeza. Pakapita zaka zingapo pamsika pamatsala akuba okhaokha. Mwini zinyalala nayenso safunsa, wangoona kuti pakhomo payera.

Mtengo wotayira movomerezeka ukakwera, mpata wa kuberawu umakulanso. Ku Britain anayamba msonkho wa zinyalala zokwiriridwa kumtaya mu 1996 pa mapaundi 7 pa tani, ndipo pofika 2024 unali utadutsa mapaundi 100. Cholinga chinali chabwino, kuti anthu azikonzanso zinthu m'malo mozikwirira, ndipo mbali imeneyo inathekadi. Koma lole ya matani 20 yozemba geti tsopano imapulumutsa mapaundi oposa 2,000 pa msonkho wokha. M'chaka cha 2023/24 makhonsolo a ku England analemba milandu yotaya zinyalala mosavomerezeka yokwana 1.15 miliyoni, m'dziko lomwe lili ndi makamera, makhoti ndi malole otolera zinyalala khomo ndi khomo. Nkhani ya sitima ya pamadzi yotchedwa Probo Koala mu 2006 ndi masamu omwewa, kungoti pamlingo woopsa. Ku Amsterdam anatchula ndalama zoposa theka la miliyoni ya madola kuti achotse poizoni m'zinyalala za sitimayo bwinobwino. Ku Abidjan, mzinda wa ku Côte d'Ivoire, kampani ina yongoyamba kumene inavomera ntchitoyo pa madola pafupifupi 17,000, n'kukakhuthula m'malo osiyanasiyana mumzinda. Anthu oposa 100,000 anathamangira kuchipatala, akuluakulu a boma anati osachepera 15 anamwalira, ndipo mu 2007 kampani ya Trafigura, yomwe inachita hayala sitimayo, inalipira boma la Côte d'Ivoire pafupifupi madola 198 miliyoni popanda kuvomera mlandu.

Ndiye ndondomeko yanzeru iyambire pamene ndalama imasinthira manja. Lamulo linene kuti zinyalala zimakhalabe za mwini wake mpaka zitalandiridwa pamalo ovomerezeka. Katundu aliyense ayende ndi chikalata cha nambala yake, chosainidwa katatu: wotulutsa, wonyamula, ndi wolandira pageti. Pachikalatapo palembedwe mtundu wa zinyalala, kulemera kwake, nambala ya galimoto ndi tsiku. Kope lodindidwa pageti libwerere kwa mwini zinyalala, ndipo akapanda kulilandira m'masiku oikika, udindo wokanena ukhale wake. Japan inaphunzira izi movutikira. Pachilumba cha Teshima kampani ina inakhala ikutaya zinyalala za m'mafakitale kwa zaka zoposa khumi mpaka apolisi analowererapo mu 1990, ndipo kuchotsa matani oposa 900,000 kunatha mu 2017. Kuyambira 1998 chikalata chotere chinakhala chokakamiza pa zinyalala zonse za m'mafakitale m'dzikolo.

Chikalata chikakhalapo, malipiro amadzikonza okha: theka ponyamuka, theka lina akabweretsa lisiti la pageti. Khonsolo nayo ikalemba ntchito makampani otolera zinyalala, iwalipire pa matani omwe adutsa pasikelo ya kumtaya, osati pa nambala ya nyumba zomwe akuti amafikako. Omanga nyumba asiye ndalama ya chikole potenga chilolezo chomangira, adzaitenge akaonetsa malisiti ofanana ndi kukula kwa ntchito yawo.

Musaganize kuti apa kubera kwatha. Kulipira pa kulemera kumabala chinyengo chake: ena amathira madzi m'zinyalala, ena amayala mchenga ndi miyala pansi, ena amazungulira n'kudutsanso pasikelo ndi katundu yemweyo. N'chifukwa chake lole iyenera kupimidwa polowa ndi potuluka, nthawi zonse ziwiri zilembedwe, ndipo mwa apo ndi apo katundu akhuthulidwe padera kuti aonedwe. Mlonda wa pageti akhoza kugulitsa malisiti opanda lole, choncho malisiti atuluke m'makina a sikelo, osati m'buku lolemba pamanja, ndipo mwezi uliwonse wina wa ofesi ina afananize manambala. Kulembetsa onyamula zinyalala nako kusakhale kongotolera ndalama. Mu 2021 mtolankhani George Monbiot analembetsa nsomba yake yakufa ngati wonyamula zinyalala wovomerezeka ku England, ndipo chiphaso chinatuluka. Chiphaso chopanda woona galimoto, chitupa cha mwini wake ndi komwe amakatayira ndi pepala chabe.

Za chindapusa sindikuzikana, koma mphamvu yake ili pa kugwidwa, osati pa kukula kwa nambala. Wa lole akadziwa kuti pa maulendo 200 angagwidwe kamodzi, amangogawa chindapusacho ndi 200 n'kuchiwerengera limodzi ndi mafuta. Chindapusa chikakula kwambiri chimasandukanso msika wa ziphuphu, chifukwa wogwidwa ndi wogwira amapeza msanga nambala yapakati. Chomwe wa lole amaopa ndi kulandidwa galimoto, pakuti ndiyo khasu lake. Milungu iwiri lole ili pa loko imamupweteka kuposa chigamulo chomwe chidzatuluke patatha chaka. Ndipo chindapusa chilipiridwe kubanki kapena pafoni, osati m'manja mwa wogwira.

Umboni ndiye umagwetsa milandu yambiri. Envulopu ya dzina yopezeka m'mulu imangoonetsa komwe zinyalala zachokera, siinena yemwe wataya. Popanda lamulo lija loti mwini zinyalala aonetse amene anam'patsa, mlandu umathera pomwepo. Chithunzi chothandiza kukhoti ndi choonetsa nambala ya galimoto, tsiku ndi nthawi, katundu akutsika. Kamera yoikidwa pamwamba kwambiri imajambula denga la lole, ndipo usiku nyali za galimoto zimaichititsa khungu ngati siinapangidwire kuwerenga manambala.

Mulu ukapezeka uchotsedwe m'masiku awiri kapena atatu, chifukwa thumba limodzi likagona pamalo limauza odutsa onse kuti pano m'pololedwa. Mukachotsa, tsekani polowera. Lole imafuna mpata wa mamita atatu okha, ndiye miyala ikuluikulu ingapo, ngalande kapena mizati ya konkire zimagwira ntchito yomwe chikwangwani sichingathe. Pamalo a munthu wamba boma lisamusiyire yekha mtengo wochotsera, monga zimakhalira ku England. Wotayiridwa akadziwa kuti kukanena n'kudziitanira ngongole, amakhala chete, kapena amayatsa moto, ndipo utsi wa matayala ndi mapulasitiki umapita m'mapapo a dera lonse.

Chomwe nduna sizikonda kutchula polengeza ndondomeko ndi geti la kumtaya lenilenilo. Ngati limatsekedwa 4 koloko masana ndipo Lamlungu silitsegulidwa, womanga yemwe wamaliza kupakira 5 koloko sagona ndi katundu pa lole. Ngati msewu wolowera uli matope nthawi ya dzinja, dalaivala yemwe anatitimirapo kamodzi amakhuthulira panjira, ndipo anzake amatsatira mpaka mtaya utafika kumsewu waukulu. Ngati mtaya uli makilomita 25 kunja kwa mzinda, wa ngolo kapena wilibala sangafikeko, pafunika malo apakati osonkhanitsira pomwe ang'onoang'ono angasiye katundu kwaulere kapena pamtengo wotsika, lole yaikulu n'kumanyamula kamodzi. Mu bajeti ya ndondomeko yotere ndimayamba kuyang'ana mzere wa dizilo, matayala a malole, kukonzetsa sikelo ndi miyala ya msewu wolowera kumtaya. Mizere imeneyo ikakhala yopanda kanthu, masamba enawo sindivutika n'kuwawerenga.