Dizilo, mphepo ndi dzuwa kumpoto kozizira: Alaska ndi Canada akuyenda njira zosiyana

Mbali zonse ziwiri za malire a Alaska, chigawo cha America, ndi dziko la Canada kuli midzi imene mawaya a magetsi a dziko sanafikeko. Mudzi uliwonse umadzipukusira wokha magetsi ndi majenereta a dizilo, ndipo mafutawo amafika atakwera mtengo koopsa. Onse aona kuti mankhwala ake ndi kuwonjezera mphepo ndi dzuwa pa dizilo. Asiyana pa funso la mwini wake wa makinawo, ndipo kwa ine nkhani yagona pamenepo.

Ku Kotzebue, tauni ya anthu pafupifupi 3,000 m'mphepete mwa nyanja kumpoto chakumadzulo kwa Alaska, kulibe msewu wochokera kwina. Dizilo amabwera pa sitima m'miyezi yochepa imene nyanja yasungunuka, nkumusunga m'mathanki akuluakulu kuti akwane chaka chonse. Mtengo umene mwagulira panthawiyo ndi umene mukhale nawo mpaka sitima idzabwerenso. Magetsi kumeneko ali m'manja mwa Kotzebue Electric Association, kopaletivi imene eni ake ndi anthu omwewo olipira mabilu. Mu 1997 anaimika makina atatu ang'onoang'ono a mphepo, nkuyamba kuphunzira. Kuzizira kumalimbitsa girisi, madzi oundana amamatirira pa mapiko, ndipo nthaka yapansi ndi youndana chaka chonse, moti maziko akaifunditsa imafewa, mzati nkupendekeka. Zonsezi anazidziwira pa makina otsika mtengo. Mu 2012 ndi pamene anaika awiri akuluakulu, a makilowati 900 aliwonse, kenako batire lalikulu, ndipo mu 2020 anayala mapanelo a sola pamalo pomwe panali ena mwa makina akale aja. Mphepo ikachuluka kuposa zimene tauni ikufuna, magetsi otsalawo amatenthetsa madzi pachipatala.

Wina angadabwe kuti sola agwira ntchito yanji kumalo kotere. M'mwezi wa Juni dzuwa sililowa n'komwe, ndipo miyezi ya Epulo ndi Meyi kuwala kumanjanja pa chipale chofewa nkuwomba mapanelo ngakhale kumsana kwake. Mu Disembala dzuwa limangosuzumira, ndiye mphepo imathandiza. Zonse zikakhala zii, jenereta ndiye amapulumutsa anthu, pakuti kumeneko magetsi akathima nthawi yozizira mapaipi a madzi amaphulika ndipo moyo umakhala pachiswe. Palibe amene akuganiza zotaya dizilo lero. Akulimbana ndi kuchepetsa malita.

Ku Northwest Territories, m'dziko la Canada, magetsi a midzi yambiri amayendetsedwa ndi Northwest Territories Power Corporation, kampani ya boma la chigawocho. Boma likasuntha limabwera ndi chinthu chachikulu, koma limachedwa. M'tauni ya Inuvik makina amodzi a mphepo a mamegawati 3.5 anayamba kugwira ntchito mu 2023, patadutsa zaka zambiri akukambirana, ndipo ndalama zinapitirira kwambiri zimene anayerekeza poyamba. Ndi zaka 26 pambuyo pa Kotzebue. Amene anafulumira m'chigawocho ndi mgodi wa dayamondi wa Diavik, umene unaika makina anayi a mphepo mu 2012 nkudzawonjezera sola mu 2024, chifukwa lita iliyonse ya dizilo inkayenda pa msewu wa madzi oundana ndipo eni mgodi ankaimva m'thumba mwawo.

Chimene chimandikhudza kwambiri ku Canada ndi mudzi wa Old Crow m'chigawo cha Yukon, kumene dizilo amachita kubwera pa ndege. Anthu a mtundu wa Vuntut Gwitchin anamanga okha munda wa sola wa makilowati 940, ndipo amagulitsa magetsiwo ku kampani ya ATCO Electric Yukon. Mu 2021 majenereta anathimitsidwa masana a dzuwa, mudzi nkukhala wopanda phokoso limene anthu analimva kwa zaka pafupifupi 50. Ndalama imene inkapita kwa ogulitsa mafuta tsopano ina imatsala pamudzi. Apa Canada anachita zofanana ndi za ku Alaska, eni dera kukhala eni makina.

Sikuti njira ya Alaska ilibe chilema. Kopaletivi yaing'ono ikasowa mekaniki wodziwa, makina amatha kukhala miyezi ali chiimire. Palinso thandizo la boma lotchedwa Power Cost Equalization, limene limatsitsira mabanja a kumidzi mtengo wa magetsi potengera ndalama zimene zapita ku mafuta ndi zina. Mudzi ukachepetsa dizilo, thandizolo nalonso limatsika, ndiye banja silimva phindu lonse la mphepo pa bilu yake. Ili ndi vuto lenileni kwa mudzi umene ukufuna kusintha. Kampani ya boma ya ku Canada, ngakhale ndi yochedwa, ili ndi mainjiniya ndi chuma choti nkuthamangira mudzi wa anthu 150 ngati Colville Lake, kumene inaphatikiza sola, mabatire ndi dizilo mu 2016.

Komabe ndikaika zonse pa sikelo, ndimapendekera ku Kotzebue. Mwana wa mwini dimba sadikira kuuzidwa kuti athirire. Kwathu kuno EGENCO inaika sola pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu kuti ichepetse dizilo wobwera pa nyanja, ndipo zimenezi ndi njira ya Canada: kampani ya boma kubweretsa makina. Ndikadakonda kuona anyamata ndi atsikana a pa zilumbazo akuphunzitsidwa kukonza mabatire ndi mainiveta, zipangizo zosintha magetsi a sola kuti agwire ntchito m'nyumba, kuti chikawonongeka asamadikire munthu wochokera ku Blantyre pa Ilala.