Nthawi ya Covid, anatigwira dzanja ndi ejenti wa pamsika

Anthu akamayamikira intaneti kuti inapulumutsa chuma nthawi ya Covid-19, ine ndimavomera ndi mutu umodzi wokha. Kuno ku Chigwa cha Shire chimene chinagwira ntchito kwambiri ndi kafoni ka mabatani komanso ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba wokhala pansi pa ambulera, thukuta lili kamukamu ndi dzuwa la pa Nchalo.

Kumbukirani mmene zinalili mu 2020. Sukulu zinatsekedwa mu Malichi, matenda anapezeka m'dziko muno pa 2 Epulo, ndipo ngakhale khoti linaletsa m'bindikiro wa masiku 21 uja, malonda anali atazizira kale. Mavenda a ku Blantyre anachepetsa zotsika ku Thabwa. Ndiye wa mbuzi pa Ngabu ankangojambula mbuzi yake, kuitumiza pa WhatsApp, kukambirana mtengo, ndalama n'kulowa mufoni, mbuzi n'kukwera lole. Azimayi a nsomba zouma ku Bangula chimodzimodzi. Ndinaona ndi maso anga mayi wina wosadziwa kuwerenga akupatsira mdzukulu wake foni kuti amuwerengere uthenga, mtanga wa nsomba ataukhalira mpaka atamva kuti zalowadi.

Koma ndalama ya mufoni sugulira nkhuni kumudzi. Imafunika kutapa, ndipo ejenti akangoti "lero ndilibe kashi, bwerani mawa", basi mwagona ndi njala ndalama muli nayo. Netiweki nayo madera ena a kutsidya kwa Shire umachita kuisaka pachulu. Za ana kuphunzira pa intaneti tisanamizane, bandulo ankagula ndani? Wailesi ndiyo inayesako.

Chimene chimandiwawabe ndi ndalama zija za K35,000 pamwezi zimene boma linkatumiza pafoni. Zinapita kwa a m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Ngati kuti wa kabaza wa pa Dyeratu analibe nambala! Matendawo sanasankhe tauni, a Sidik Mia, nduna ya boma nthawi imeneyo, mwana wa konkuno ku Chikwawa, anatisiya mu Januwale 2021.

Choncho a makampani a foni ndi a boma, mliri wina usanabwere tiwonjezereni nsanja za netiweki ku East Bank ndi kumalire a Marka, ndipo maejenti akumidzi muziwathandiza kuti asamasowe ndalama. Inu a kwa Tengani ndi ku Makhanga, kwanuko munkatapa kuti?