Nkhope ikatupa si kunenepa

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi, amayi angapo anazungulira mlamu wanga, yemwe ali ndi pakati pa miyezi 7, n'kuyamba kumuyamikira kuti mimba yamukonda. Mmodzi anamugwira tsaya n'kunena kuti, "Mayi, koma ndiye mwasalala, bambo akunyumba akukusamalani ndithu," wina n'kuwonjezera kuti nkhope ikatero ndiye kuti mwanayo ndi wamkazi. Pamene iwo amaseka, zikope za munthuyo zinali zitatupa moti maso amaoneka aang'ono, mphete yaukwati inali itamira m'chala osatheka kuivula, ndipo anali atadandaula kale kuti mutu ukumupweteka komanso akuona chimbuuzi. Titafika naye kuchipatala masana omwewo, namwino anamuyeza BP ndi mkodzo, ndipo anamugoneka pomwepo.

Nkhope ya munthu ikasintha mwadzidzidzi, malo ake ndi kuchipatala tsiku lomwelo. Si nkhani yoyamikira, si nkhani yolosera nayo kuti mwana adzakhala wamwamuna kapena wamkazi, ndiponso si nkhani yodikira tsiku la sikelo. Mapazi amatupa kwa amayi ambiri oyembekezera popanda vuto lililonse, koma nkhope ndi manja zikatupa mimba itapitirira masabata 20, mutu n'kumapweteka, maso n'kumaona chimbuuzi, achipatala amaganizira matenda a pre-eclampsia, omwe amadziwika pamene BP yafika pa 140/90 kapena kuposa ndipo mkodzo ukuonetsa kuti impso zavutika. Mayi wotere akhoza kukomoka ndi kuyamba kuphupha, ndipo akhoza kupita pamodzi ndi mwana wake. Jakisoni wa magnesium sulphate amateteza kuphuphako, koma sangamupeze munthu amene wakhala pakhonde chifukwa anzake amuuza kuti akuoneka bwino. Akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chimene chikundipsetsa mtima kwambiri n'chakuti cholakwa chomwechi timachibwereza pa ana athu. Mwana amene masaya atupa, tsitsi lafiirira n'kuyamba kuthothoka, amene wasiya kusewera ndipo amangokhala ndwii, ena amamunyamula n'kumunyadira kuti ndi wojintcha. Mwanayo sananenepe, watupikana chifukwa cha kunyentchera. Mlangizi wa zaumoyo sanyengedwa ndi masaya amenewo: amadina chala pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu, ndipo akachotsa chala n'kuona kuti patsala kadzenje, amadziwa kuti mwanayo akufunika chithandizo mwachangu. Wina nsagwada imatupa mbali imodzi, mano n'kuyamba kugwedera, makolo n'kumangoti ndi dzino, n'kumathira mankhwala a zitsamba pamene chotupacho chikukula sabata ndi sabata. Chotupa chotere chikhoza kukhala khansa. Dokotala Denis Burkitt adalongosola khansa ya mtundu umenewu mwa ana a ku Uganda mu 1958, ndipo kuno kwathu ili m'gulu la khansa zogwira ana kwambiri. Imakula mofulumira koopsa, komabe imamva mankhwala mwana akafika msanga pa zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Kuchedwa ndiko kumapha, ndipo kuchedwako kumayambira pa ife amene taona nkhope yasintha n'kuipatsa dzina lokoma.

Nanga agogo amene kamwa yapindikira mbali imodzi m'mawa, malovu akudontha, mawu sakumveka, dzanja lalefuka? Tisanaganize zopeza galimoto, tayamba kale kunong'onezana kuti amenyedwa ndi hamala, tayamba kale kufufuza kuti anakangana ndi ndani pa nkhani ya munda. Imeneyo ndi sitiroko mpaka achipatala atanena kuti si iyo. Mtsempha wa magazi watsekeka kapena waphulika mu ubongo, ndipo nthawi imene tikuithera kwa sing'anga ndi imene ubongowo ukuwonongeka. Zoona, alipo matenda ena a mtsempha wa kunkhope omwe amapinda kamwa koma nthawi zambiri amachira, koma kusiyanitsa ziwirizi si ntchito ya anthu a pamudzi.

Ndiye taonani pamene timachita changu poweruza. Munthu akangoonda, masaya n'kulowa, milomo n'kusuwa, m'minibasi monse mwatha kale kumuyeza kuti ali ndi kachilombo. Kodi shuga saondetsa? Kodi TB, khansa, njala ndi nkhawa siziondetsa? HIV sioneka pankhope, imaoneka m'magazi, ndipo chiyambire 2004 pamene ma ARV anayamba kuperekedwa kwaulere m'dziko muno, anthu miyandamiyanda akukhala nayo ali onenepa ndi amphamvu. Pamene nkhope ikuchenjeza zoona timaseka, pamene siinganene kanthu timagamula mlandu. Ena adzati ndi umphawi, ena kusaphunzira, ena kutalika kwa zipatala. Ndazimva zonsezo, koma kutseka pakamwa ndi kuuza mnzako kuti akayezetse sikulira ndalama.

Nkhope imaloza njira, siitchula matenda. Maso achikasu akhoza kukhala chiwindi, malungo aakulu kapena matenda a magazi otchedwa sickle cell. Maso olowa m'kati mwa mwana wotsegula m'mimba akusonyeza kuti madzi atha m'thupi. M'kati mwa chikope mukayera ndiye kuti magazi achepa, koma chimene chawachepetsa chimadziwika poyeza. Udindo wathu ndi kuona, kuchita mantha oyenera, ndi kumutengera munthuyo kwa amene ali ndi zida zoyezera.

Ndipo inu a zaumoyo, nanunso ndili nanu mawu. Ndakhalapo m'zipinda momwe wodwala amalowa, kupereka kabuku kake ka kuchipatala, kufotokoza mavuto ake kwa munthu amene wawerama n'kumalemba, mpaka kutuluka ndi Panado osayang'anidwa m'maso ngakhale kamodzi. Ndikudziwa kuti mzere panja ndi wautali ndipo muli ochepa, koma munaphunzitsidwa kutsitsa chikope ndi chala, kutembenuza chikhatho, kuona lilime ndi kumuuza wodwala kuti amwetulire kapena akweze nsidze, ndipo zonsezi sizitha mphindi imodzi. Mayi wachokera kutali wapansi, mwana ali kumsana, wadikira pabenchi kuyambira m'bandakucha, ndiye inu mulephere kudzutsa mutu kuti mumuone?