Mukafika ku Greece, musaitanitse mbale yanuyanu

Awa ndi maganizo anga kwa inu amene mukukonza ulendo wa ku Greece, kaya mukunyamukira ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku London. Chakudya cha kumeneko chimakoma kapena kukhumudwitsa malinga ndi malo amene mwakhala, nthawi imene mwafika, ndiponso mmene mwaitanitsira. Kukula kwa thumba kumabwera pambuyo. Zimandimvetsa chisoni anthu akamabwerako akunena kuti zakudya za Agiriki n'zodula, zamafuta komanso zozizira, chonsecho anakhala pa lesitilanti yoyamba imene anaiona m'munsi mwa Acropolis, phiri lotchuka la akachisi akale ku Athens, aliyense n'kuitanitsa moussaka wake (mabilinganya ndi nyama yogaya zophika mu uvuni) nthawi ya 6 koloko madzulo.

Agiriki amadya ngati mmene timadyera ife kumudzi: chakudya chimaikidwa pakati, aliyense n'kumatapa. Pa taverna, lesitilanti wamba ya Chigiriki, amakupatsani kambale kakang'ono kopanda kanthu, ndipo zonse zimene mwaitanitsa n'za tebulo lonse. Ngati muli anthu anayi, yambani ndi saladi mmodzi wa horiatiki, mbale imodzi ya tzatziki (yogati wosakaniza ndi nkhaka ndi adyo) kapena fava (nsawawa zouma zophika n'kupota), mbale ya masamba owiritsa, chokazinga chimodzi monga tchizi cha saganaki, ndi tchipisi. Mukafika pakati pa zimenezi, m'pamene muitanitse nyama kapena nsomba, mbale ziwiri zokha. Cholakwika chofala n'chakuti aliyense amaitanitsa choyambira chake ndi chakudya chake chachikulu nthawi imodzi. Kukhitchini satsata ndondomeko imeneyo, chilichonse chikapsa chimatuluka. Pakapita mphindi 20 tebulo ladzaza, nyama yowotcha ikuzirala inu mudakali pa saladi, theka la chakudya n'kubwerera, bilu yakwera kawiri.

Saladi wa horiatiki ndi muyeso wabwino wa malo amene mwakhala. Mumakhala phwetekere wodula zibenthu zikuluzikulu, nkhaka, anyezi, tsabola wobiriwira, maolivi, ndi chibenthu chathunthu cha tchizi choyera cha feta pamwamba, chowazidwa oregano ndi mafuta a olivi. Letesi salowamo. Mukaona letesi wambiri pansi ndi tizidutswa ta tchizi pamwamba, dziwani kuti akuphikira alendo odutsa amene sadzabweranso. Feta weniweni amapangidwa ndi mkaka wa nkhosa, wa mbuzi ukhoza kuwonjezedwa koma osapitirira 30 peresenti, ndipo kuyambira mu 2002 dzinali ndi lotetezedwa ndi malamulo a European Union. Madzi a phwetekere osakanikirana ndi mafuta amene amatsala pansi pa mbale musawasiye, amenewo ndiye ntchito ya buledi. Saladiyu ndi wa nyengo yotentha, kuyambira June mpaka September, pamene phwetekere amapsera padzuwa. M'nyengo yozizira funsani saladi wa kabichi ndi karoti.

Nkhani ya nthawi. Chakudya cha masana chimadyedwa cha m'ma 2 kapena 3 koloko, ndipo cha usiku anthu sayamba isanakwane 9 koloko, makamaka kukamatentha. Choncho malo opanda anthu 7 koloko si ndiye kuti ndi oipa, ndipo malo odzaza 6 koloko ndi odzaza ndi alendo anzanu. Kuti mudziwe kumene eni dziko amadya, dutsani 10 koloko usiku mumvetsere chinenero chimene chikumveka pamatebulo.

Apa ndiye pagona mfundo imene ndikufuna muigwiritse. Zakudya za ku Greece zili m'magulu awiri. Pali za tis oras, zimene amaphika mukaitanitsa, monga nyama ndi nsomba zowotcha pamakala. Ndiye pali mageirefta, za mumphika ndi za mu uvuni, zimene amaphika m'mawa kamodzi kokha m'mathileyi akuluakulu. Moussaka, pastitsio (makaroni ndi nyama yogaya), gemista ndi nyemba zili m'gulu lachiwirili. Zimakoma masana, zitangokhazikika. Mukaitanitsa moussaka 10 koloko usiku, mukudya chimene chatha tsiku lonse pathileyi n'kutenthetsedwanso, pamwamba pouma, pakati pozizira. Za mumphika idyani masana, zowotcha idyani usiku. Malo amene amaphika za mumphika amatchedwa mageireio, ndipo kawirikawiri chakudya chimakhala kuseri kwa galasi kapena amakulowetsani kukhitchini kuti muone miphika n'kuloza ndi chala. Musachite manyazi, ndi mwambo wawo. Chakudyachi sachipereka chili bwatabwata. Amachisiya chikhale chofunda kuti mafuta, phwetekere ndi masamba zigwirizane, ndiye musachibweze poganiza kuti achita ulesi.

Moussaka amene dziko lonse limamudziwa, wa mabilinganya, nyama yogaya ndi msuzi woyera wa mkaka pamwamba, anatchuka m'zaka za m'ma 1920 kudzera mwa katswiri wophika Nikolaos Tselementes, amene ankakonda kaphikidwe ka ku France. Ndi wokoma ndithu, koma si chakudya cha tsiku ndi tsiku. Cha tsiku ndi tsiku ndi ladera, ndiwo zamasamba zophika m'mafuta a olivi ndi phwetekere, ndipo munthu wokulira ku Malawi kapena ku Chipata akaziona amazizindikira. Fasolakia ndi zitheba zophika ndi phwetekere ndi mbatatesi mpaka kufeweratu. Bamies ndi therere lobala, koma musayembekezere kuti litelereka, chifukwa amayamba alithira viniga ndi mchere asanaliphike n'cholinga chochotsa kunandako, soda sathira. Gemista ndi phwetekere ndi tsabola zochotsedwa zam'kati n'kuikamo mpunga. Gigantes ndi nyemba zikuluzikulu zoyera zowotcha mu uvuni. Mafuta amakhala ambiri dala, chifukwa ndiwo amalowa m'malo mwa nyama. Mukadya ndi supuni yokha mukhuta msanga n'kunyansidwa. Idyerani ndi buledi ndi kachidutswa ka feta pambali, mchere ndi kuwawasa kwa tchizicho kumadula mafutawo.

Ndipo pali horta, masamba owiritsa. M'nyengo yotentha amene amapezeka kwambiri ndi vlita, womwe ndi mtundu wa bonongwe. Amangowiritsa m'madzi amchere, n'kukhetsa, n'kuthira mafuta a olivi, inu n'kufinyirapo ndimu. Palibe nsinjiro, palibe phwetekere, koma fungo lake ndi lija mumalidziwa. M'nyengo yozizira horta amakhala masamba akutchire owawirako, monga radikia, ndipo ku Crete kuli stamnagathi. Amene munakulira chisoso ndi luni simuvutika nawo. Maluwa a zukini, ofanana ndi chiluwe cha maungu, amawaika mpunga kapena tchizi m'kati. Ine ndimaona kuti mbale zimenezi, zomwe zimakhala pakati pa zotchipa kwambiri pa menyu, ndizo zimaonetsa luso la wophika kuposa china chilichonse.

Pa nsomba m'pamene ndalama za anthu zimathera. Nsomba zikuluzikulu amazigulitsa pa kilo, ndipo mtengo wolembedwa pa menyu ndi wa kilo imodzi, osati wa mbale. Tiyerekeze kuti palembedwa mayuro 60, nsomba imene akusankhirani yalemera kilo 1.3, ndiye kuti mulipira mayuro 78 musanawerengere china chilichonse. Njira yake ndi iyi: dzukani, pitani pamene pali nsombazo, sankhani nokha, aiike pasikelo inu mukuona, akuuzeni mtengo wonse isanapite pamoto. Yang'anani maso owala ndi makha ofiira, monga mmene mumachitira ndi chambo ku Mangochi. Munthu mmodzi amakwanira ndi magalamu 300 mpaka 400 a nsomba yosatumbula. Zinthu za mufiriji amayenera kuzisonyeza pa menyu, nthawi zambiri ndi kanyenyezi, ndipo kalamari, nyama ya m'nyanja yofanana ndi okutopasi, ndi amene amakonda kukhala ndi kanyenyeziko. Nsomba za tsipoura ndi lavraki zimene mtengo wake ndi wa mbale kawirikawiri zimakhala zoweta. Sizoipa, koma musazilipire ngati zogwidwa m'nyanja. Langizo langa ndi lakuti tsatirani tinsomba ting'onoting'ono: gavros, marida, atherina ndi sardeles. Timakazingidwa tathunthu titapakidwa ufa, kapena kuwotchedwa pamakala, timagulitsidwa pa mbale, ndipo tating'ono kwambiri mumadya ndi mitu yomwe ngati usipa.

Abale athu Asilamu ndi a Seventh Day, apa tcherani khutu. Gyros wa ku Greece kawirikawiri ndi wa nkhumba. Si ngati doner kebab wa ku London kapena shawarma wa ku Johannesburg. Mukangoti gyros (nyama yowotcha pachitsulo chozungulira) kapena souvlaki (kanyenya wawo) osatchula nyama, chimene chibwere ndi nkhumba. Mawu ofunika ndi awa: hirino ndi nkhumba, kotopoulo ndi nkhuku, moshari ndi ng'ombe, arni ndi nkhosa, katsiki ndi mbuzi. Nyama yogaya youmba, yotchedwa keftedes ndi biftekia, nthawi zambiri imakhala yosakaniza ng'ombe ndi nkhumba, ndiye funsani. Kumbukiraninso kuti pa malo a kanyenya nkhuku ndi nkhumba zimatha kuwotchedwa pa waya mmodzi. Chothandiza china ndi mawu akuti nistisimo, kutanthauza chakudya cha nthawi yosala ya mpingo wa Orthodox: mulibe nyama, mkaka kapena mazira. Komabe zamoyo za m'nyanja zopanda msana, monga okutopasi, kalamari ndi nkhanu, zimaloledwa pa kusala kumeneko, choncho amene simudya zimenezi mufunsebe.

Souvlaki yemweyo ali ndi misampha iwiri. Woyamba ndi wa mtengo. Pita ndi nyama yokulungidwa m'buledi wophwatalala pamodzi ndi phwetekere, anyezi, tzatziki ndi tchipisi, yodyera m'manja. Merida ndi zomwezo zoyalidwa pambale, zochuluka, ndipo mtengo wake umaposa kawiri. Mukakhala pansi n'kungoti gyros, ambiri amakubweretserani merida. Nenani kuti pita, ndipo ngati mukufuna zonse m'kati muti ap' ola. Wachiwiri ndi wa dzina. Ku Athens nyama yotungidwa pakamtengo amaitcha kalamaki. Ku Thessaloniki amaitcha souvlaki, ndipo kalamaki kumeneko ndi kachubu komwera zakumwa. Pa psistaria, malo owotchera nyama, nyama monga paidakia, nthiti za nkhosa, amagulitsa pa kilo. Kilo imodzi imakwanira anthu atatu ngati pali saladi ndi tchipisi.

Zakumwa ndingodutsamo. Vinyo wa pamalopo, wa mumgolo, amamuitanitsa pa kilo: miso kilo ndi theka la lita. Yambani ndi kota kuti mulawe. Ouzo ndi tsipouro ndi zaukali ngati kachasu, mowa wake umafika cha m'ma 40 peresenti. Sizimwedwa kamodzi n'kamodzi, ndiponso sizimwedwa m'mimba mulibe kanthu. Mu ouzo thirani madzi ozizira kaye mpaka ayere ngati mkaka, ayisi abwere pambuyo. Ku Volos kuli malo otchedwa tsipouradika, kumene simuitanitsa chakudya: kabotolo kalikonse ka tsipouro kamabwera ndi kambale kake, ndipo mbale zimanka zisintha mukamawonjeza. Khofi wa Chigiriki mumanena shuga poitanitsa, chifukwa amaphikira pamodzi: sketos alibe shuga, metrios ndi wapakati, glykos ndi wotsekemera. Musamutakase, ndipo masese apansi asiyeni. Madzi a pampopi ku Athens ndi abwino kumwa, koma pa zilumba zouma monga Santorini ndi Mykonos gulani a m'botolo.

Posankha malo, thawani pamene munthu waima pakhomo n'kumakukokani, pamene pali zithunzi za chakudya ndi menyu yaitali ya pizza, baga ndi moussaka pamodzi. Khitchini imodzi singaphike bwino zinthu 100. Ku Athens, tulukani m'misewu ikuluikulu ya Plaka muyende mphindi 15 mpaka 30 kulowera ku Koukaki, Petralona kapena Pangrati. Msika waukulu wa Varvakios, pa msewu wa Athinas, uli ndi malo odyera pakati pa ogulitsa nyama, kumene mungapeze patsas, msuzi wa nthumbwana ndi ziboda. Ku Thessaloniki yambirani pa msika wa Kapani ndi wa Modiano. M'mawa musataye ndalama pa chakudya cha kuhotela ngati sichili m'mtengo wa chipinda. Lowani mu fournos, bekale ya m'dera, mugule tiropita ya tchizi, spanakopita ya sipinachi, kapena koulouri, buledi wa mkombero wowazidwa chitowe. Ku Thessaloniki m'mawa ndi bougatsa, payi wa kasitadi amene amamudula tizidutswa n'kuwazapo shuga ndi sinamoni.

Pomaliza kudya, bilu sibwera yokha. Kubweretsa bilu musanapemphe kumaoneka ngati kukuthamangitsani, ndiye mukhoza kudikira ola lathunthu. Nenani kuti to logariasmo, parakalo. Poitana woperekera zakudya musatambasule chikhatho zala zonse zisanu zitaloza kwa iye, chifukwa chizindikiro chimenecho, moutza, ndi chipongwe chachikulu. Akati ne, akutanthauza kuti inde. Buledi amene amaika patebulo amalipiritsa pa munthu aliyense, ndipo ngati simukumufuna kanani akangomubweretsa. Mavwende, chotsekemera cha halva kapena katambula ka mowa wa raki kamene amabweretsa kumapeto osaitanitsa ndi kerasma, mphatso ya mwini malo, ilandireni. Lamulo la dzikolo limati simukakamizidwa kulipira ngati sanakupatseni lisiti, ndipo mawu amenewa amalembedwa m'malo odyera. Yerekezani lisitilo ndi mitengo ya pa menyu, makamaka mzere wa nsomba. Ngati mwasangalala, siyani 5 mpaka 10 peresenti patebulo, makamaka ndalama zapamanja, ngakhale bilu mwalipira ndi khadi.